Buluku la pa njinga yamoto muziliyesa mutakhala

Mphwanga wopondana nane amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Amanyamula anthu pa siteji ya Domasi, mumsewu wa Zomba kupita ku Liwonde, kukawatula ku Mishoni ndi m'midzi ya m'tsinde mwa phiri. Ine amene ndinasiyira panjira maphunziro a ku Chanco, nthawi zina ya ufa ndimakabwereka kwa iyeyu. Choncho bondo lake likavulala, nanenso ndimatsimphina.

Chaka chatha mnyamatayu anatola buluku pa kaunjika mumsika wa Zomba. Silinali buluku wamba ayi. Linali lija amavala okwera njinga zamoto ku Ulaya, lansalu yokhuthala, lokhala ndi timatumba m'mawondo momwe amalowetsamo zotetezera. Vuto linali limodzi: mwini wake woyamba anali chimunthu chachitali ndi chojintcha. Mphwanga anangokoka lamba n'kupinda miyendo yake. Nditamufunsa anati, "Achimwene, bola kulimba, kukula si mlandu."

Patangotha milungu iwiri anaterereka pa mchenga pakona ina potsika ku Mishoni. Sankathamanga n'komwe. Koma chotetezera chija, m'malo mokhala pa bondo, chinali chitatsikira pa msongolo n'kutembenukira kumbali. Bondo linasupuka koopsa. Anakhala pakhomo milungu itatu, uku mwini njinga akufuna ndalama zake za tsiku ndi tsiku.

Abale anzanga, mfundo yanga ndi iyi: buluku la pa njinga likapanda kukukwanani bwino, mwangotaya ndalama. Ndipo kukwana kwake sikuoneka mutaimirira pa kalilole. Munthu wa kabaza amaswera atakhala, mawondo atapinda. Mukakhala pa chishalo, miyendo ya buluku imakwera, kumbuyo kwa chiuno kumatsika, pa bondo pamakoka. Limene limaoneka bwino mutaima limatha kukudyani m'mphechepeche musanafike pa Songani.

Tsono poyesa, khalani pa njinga, kapena pa benchi ngati njinga ili kutali. Chotetezera chiphimbe bondo lonse mutapinda mwendo. Chigwireni n'kuyesa kuchipotoza. Chikazungulira mosavuta, dziwani kuti tsiku la ngozi chidzakuthawani. M'chiuno muzilowa zala ziwiri basi, ndipo kumbuyo kuzikhala kokwera kuti msana usakhale pamtunda mukawerama. Kumunsi lizifika pa kakolo mutakhala, koma lisamakupize, poti tcheni ndi paipi ya utsi zili pomwepo. Amene anapsapo pa katumba akudziwa chomwe ndikunena.

Onaninso kachikwangwani ka m'kati. Ku Ulaya zovala zotere amaziyesa ndi muyezo wotchedwa EN 17092, ndipo amalembapo A, AA kapena AAA. Zilembo zikachuluka, ndiye kuti nsaluyo imapirira kwambiri ikamakhuzika pamsewu. Zotetezera m'mawondo zili ndi muyezo wakewake, EN 1621-1, gawo 1 kapena 2, ndipo 2 ndiye amachepetsa kwambiri mphamvu ya kumenyetseka. Mabuluku ena amaikamo ulusi wa Kevlar, womwe mayi wina wasayansi, Stephanie Kwolek, anatulukira ku America mu 1965. Koma zonsezi n'zachabe ngati chovalacho chikulendewera ngati thumba la makala.

Mphwanga atachira tinanyamula buluku lija kupita kwa telala wina wachikulire amene amasokera pakhonde la sitolo. Madala aja atatulutsa tepi, ndinawapempha kuti, "Bambo, muyeseni ali pa njinga." Poyamba anaseka, koma anatuluka ndi choko chawo. Anachepetsa m'chiuno ndi m'ntchafu, anasomola timatumba tija n'kutikweza pang'ono, ndipo misoko yonse anaibwereza kawiri ndi ulusi wa nayiloni. Mfundo ya ulusiyi musaiiwale. Buluku lolimba losokedwa ndi ulusi wa malaya limang'ambika mumsoko momwemo. Mtengo wa ntchito yonseyi sunafike ngakhale pa zomwe mphwanga amapeza tsiku limodzi.

Ndikudziwa ena anena kuti, "Iwe wolemba nkhani, kodi kutentha kwa mu Okutobala ukukudziwa? Tivale chikumba dzuwa likuswa mtengo?" Zoona, kumatentha. Koma nthawi zambiri chomwe chimazunza si kukhuthala kwa nsalu kokha, koma kuthina kuseri kwa bondo ndi kukhulana kwa misoko ndi khungu lathukuta. Sankhani lokhala ndi mazipi olowetsa mphepo, ndipo m'kati valani kansalu kopepuka. Ena anena za ndalama. Amenewo awerengere masiku 21 opanda kasitomala, aonjezepo mankhwala ndi mabandeji, kenaka abwere tidzakambirane.

Akuluakulu amatiuza kuti kale m'dziko muno boma ndilo linkayang'anira mabuluku. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala buluku, ndipo abambo sankaloledwa kuvala aja otambalala kumunsi. Lamulolo linathetsedwa mu 1993, chaka cha riferendamu. Lero palibe wapolisi angakuimitseni chifukwa cha kukula kwa mwendo wa buluku. Ufulu umenewu ndi wabwino, koma ukutanthauza kuti tepi ili m'manja mwathu.

Mawu omwewa apitenso kwa inu okwezedwa: amayi a geni ochokera kokapikula, ndi asungwana a pa Domasi College of Education. Chitenje chokupiza pafupi ndi masipoko a gudumu lakumbuyo ndi msampha. Chikulungeni bwino, kapena valani buluku m'kati. Palibenso amene angakumangeni.

Akulu anati safunsa anadya phula. Masiku ano phula lake ndi la pamsewu, ndipo ndilo limadya munthu. Wa kabaza aliyense amadziwa kuyesa mphepo ya matayala m'mawa asananyamuke. Bwanji osapatula ola limodzi kukakhala pa njinga pakhomo pa telala? Njinga ikaphwanyika, sipeya amapezeka m'tauni. Bondo alibe nalo ngakhale pa kaunjika.