Tsoka lathu si kuchulukana

Pali nyimbo imene yatigonthetsa m'makutu: akuti Malawi wasauka chifukwa tachulukana. Kalembera wa 2018 atapeza kuti tapitirira 17.5 miliyoni, ndi kuti boma la Ntcheu lokha lili ndi anthu oposa 650,000, oimba nyimboyi adakweza mawu. Ine ndikuikana.

Wotsutsa akaime pa Lizulu, pamene msewu wa M1 umatsata malire a Malawi ndi Mozambique. Pamenepo anthu ndi piringupiringu, ndipo ndalama imasintha manja kuyambira mbandakucha. Mbatatesi, kabichi ndi tomato zimakwera malole kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Usipa wochokera kwathu kunyanja nawo umapeza wogula. Mlimi akagulitsa, telala amasoka, wakabaza amanyamula, mayi wa mandasi amalipira fizi. Chuma chimamera pamene wogula ndi wogulitsa ayandikana.

Tsopano patukani pa phula, mulowe m'midzi ya kutali ya ku Tsangano nthawi ya dzinja. Dothi ndi lomwelo, khama ndi lomwelo. Koma galimoto ikatitimira m'matope, mbatatesi imaolera m'thumba, kapena vendala mmodzi amatchula mtengo umene wafuna. Kodi mlimi ameneyu wasauka chifukwa cha kuchuluka kwa anansi ake? Ayi. Wasauka chifukwa ogula ali kutali.

Sindikubisa kuti minda ikuchepa. Ekala imene agogo ankalima okha lero ikugawidwa kwa zidzukulu zambiri. Koma chimenechi ndicho chifukwa chomangira misika, misewu ndi magetsi, kuti mwana wopanda munda akhale mmisiri kapena wamalonda. Kuloza chala mayi wobereka n'kosavuta kuposa kumanga mlatho, n'chifukwa chake atsogoleri ena amaikonda nyimboyi.

Asilamufe tili ndi chitsanzo. Mtumiki Muhammad (Mtendere ndi Madalitso a Allah zikhale pa iye) atasamukira ku Madina adamanga mzikiti, adakhazikitsanso msika. Sadaope khamu, adalikonzera malo.

Choncho, abale ndi alongo a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, tisamangovomera. Wofuna voti akabwera ndi mawu akuti tachuluka, timufunse: msewu wochoka padoko kupita kumsika uli kuti? Nanga ndalama ya chiphaso imene timapereka tsiku lililonse la msika yamanga chiyani? Rizq amapereka ndi Allah, koma msewu timafunsa kwa amene tidawasankha.