Chenjezo kwa Amalawi Onse: Nambala Yanu Yachinsinsi Musauze Munthu

Amalawi anzanga, wakutsina khutu ndi mnansi. Ndikulemba izi mtima uli m'mwamba, chifukwa mbava zimene zatizinga masiku ano sizithyola chitseko, siziboola khoma, ndipo agalu saziuwa. Zimaimba foni masanasana, n'kupereka moni waulemu, mwini ndalama n'kuzipatsa yekha kiyi ndi manja awiri.

Mwezi wathawu azakhali anga, mayi wamasiye amene amagulitsa tomato ndi usipa pamsika, anaimbiridwa foni ndi mnyamata wa mawu ofatsa. Anati akuimba kuchokera ku kampani ya foni, ndipo akaunti yawo itsekedwa madzulo omwewo ngati sakonza zinazake. Anawatchula dzina lawo lonse. Anawauza manambala oti adine, imodziimodzi, modekha ngati mphunzitsi wa sitandade 1, ndipo pomaliza anati, "Tsopano mayi, ikani nambala yanu yachinsinsi kuti titsimikize kuti ndinu." M'fonimo munali ndalama za banki nkhonde ya amayi khumi ndi asanu, popeza iwo ndiwo msungichuma. Pamene ankafika kwa ejenti kukafunsa, n'kuti zonse zitapita. Chimene chikuwasowetsa tulo mpaka lero ndi maso a amayi anzawo aja, amene ena mwa iwo sakukhulupirira kuti ndalama zingathe kuchoka m'foni ili m'manja mwa mwini wake.

Zimachoka ndithu. Chiyambireni Airtel Money mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, foni yasanduka chikwama cha Mmalawi. Fizi ya ana, ndalama ya fetereza, chipepeso cha maliro, malipiro a aganyu, zimene mwana watumiza kuchokera ku Joni, zonse zimadutsa mmenemo. Ichi ndi chitukuko, ndipo sindikuuza munthu kuti abwerere kokakwirira ndalama pansi pa mphasa. Koma chikwama chimenechi chili ndi loko mmodzi yekha, nambala yachinsinsi ija timati PIN. Palibe wogwira ntchito ku kampani ya foni, ku banki, ku MACRA kapena kupolisi amene ali ndi chifukwa chokufunsani nambala imeneyi. Amene wakufunsani ndi wakuba, ngakhale atadziwa dzina lanu, mudzi wanu ndi mfumu yanu.

Njira zawo mukuzidziwa, chifukwa palibe foni m'dziko muno imene sinalandirepo uthenga wawo. "Ndalama ija tumizani pa nambala iyi, inayo yavuta." Uthengawu amaumwaza kwa anthu zikwizikwi, podziwa kuti mwa iwo alipo amene analidi pafupi kutumiza ndalama kwa wina. Ena amanamizira kuti ndi aphunzitsi, mwana wanu wakomoka kusukulu yogonera ndipo pakufunika ya mafuta a galimoto msanga. Ena amati ndi oyendetsa katundu wochokera ku Joni, wagwidwa pachipata cha Mwanza kapena cha Dedza, mulipire kuti atuluke. Ena amatumiza uthenga wooneka ngati ndalama zalowa m'foni mwanu, kenako n'kuimba akulira kuti alakwitsa nambala, muwabwezere. Ena amalonjeza ntchito, ngongole, Mtukula Pakhomo, kapena mphoto ya mpikisano umene simunalowe n'komwe. Chikomekome cha nkuyu. Nkhani zonsezi zimafanana pa chinthu chimodzi: amakuthamangitsani. Sakufuna kuti mudule foni, mupume, mufunse mnzanu. Ndiye chitani chimene akuopacho. Dulani foni. Imbirani mwini wakeyo pa nambala imene mumaidziwa kale. Ngati akuti ndalama zalowa, onani nokha m'akaunti mwanu, osakhulupirira uthenga ayi.

Pali umbava wina umene wafala m'magulu a mpingo, a mabanja ndi a anzathu a kusukulu, ndipo apa ndikufuna ndichedwepo, chifukwa ukugwetsa ngakhale anthu ophunzira. Mumalandira uthenga wa manambala asanu ndi imodzi kuchokera ku WhatsApp. Posakhalitsa wina amene mumamudziwa, mwina mkulu wa mpingo kapena mlamu wanu, akulemba kuti, "Pepani, ndatumiza khodi yanga kwa inu molakwitsa, munditumizire." Wina amaimba kuti pali msonkhano wa pa intaneti madzulo ano ndipo khodiyo ndi yolowera. Zoona zake ndi izi: wakubayo walemba nambala yanu ya foni pa foni yake, ndipo WhatsApp yatumiza khodi kwa inu kuti itsimikize mwini nambala. Mukangomupatsa, akaunti yanu yasamukira kwa iye. Wolemba uja sanali mkulu wa mpingo. Akaunti yawo inali itabedwa kale mwa njira yomweyo. Tsopano wakubayo wavala nkhope yanu, akulembera azibale anu onse kuti mwagonekedwa kuchipatala, ndipo azibalewo akutumizadi ndalama chifukwa amakukondani.

Chotchinga chake chilipo, ndi chaulere, ndipo sichitenga mphindi zitatu. Lowani mu Settings ya WhatsApp, pitani pa Account, mutsegule Two-step verification, muike nambala ina yachinsinsi imene mukuidziwa nokha. Mukatero, ngakhale wakuba atapeza khodi ija, atsakamira pakhomo lachiwiri. Onaninso pamene palembedwa Linked devices. Mukapeza kompyuta kapena foni imene simukuidziwa, ichotseni, chifukwa ndi mmene ena amawerengera mauthenga a anzawo atangobwereka foni kwa kanthawi. Ngati akaunti yabedwa kale, lembetsaninso nambala yanu pa WhatsApp. Khodi yatsopano ikabwera kwa inu n'kuilowetsa, wakubayo amatulutsidwa. Akakhala kuti anaikapo nambala yakeyake yachinsinsi, mungadikire mpaka masiku asanu ndi awiri, ndipo m'masiku amenewo uzani aliyense, pakamwa ndi pafoni, kuti amene akupempha ndalama m'dzina lanu si inu.

Ena amati, "Koma pa WhatsApp analemba kuti mauthenga ndi otetezedwa." N'zoona. Kuyambira mu April 2016 mauthenga onse a pa WhatsApp amamangidwa mwa njira imene akatswiri amati end-to-end encryption. Tanthauzo lake n'lakuti uthenga ukamachoka m'foni mwanu umasokonezedwa kukhala zilembo zopanda mutu, ndipo kiyi wousandutsanso mawu ali m'foni ya wolandira yekha. Kampani ya foni singauwerenge, eni WhatsApp sangauwerenge, wotchera m'njira sangauwerenge. Uthenga wamba wa SMS ulibe chitetezo chotere. Koma lokoyu amateteza uthenga uli paulendo basi. Ukafika, uli m'manja mwa munthu, ndipo munthu amajambula, amatumiza kwina, amataya foni, amakwiya. M'gulu la anthu mazana awiri mulibe chinsinsi. Anthu amangidwapo m'dziko muno pansi pa lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security chifukwa cha zimene analemba m'magulu a WhatsApp, ndipo mawuwo sanafunike kuthyoledwa loko kuti atuluke, popeza aliyense wa m'gulumo anali nawo m'foni mwake.

Kwa achinyamata, makamaka atsikana, ndikunena monga kholo. Chithunzi cha thupi lanu chikachoka m'foni mwanu, simungachiitanenso. Chibwenzi chimatha, chithunzi chimatsala. Tawaona ana a eni akusiya sukulu, ena kuthawa mudzi, chifukwa cha chithunzi chimene anatumizira munthu mmodzi yekha. Wolakwa ndi amene wafalitsa, pamodzi ndi aliyense amene watumiza patsogolo, ndipo amenewo ayenera kukaonekera kupolisi. Ngati wina akukuopsezani kuti afalitsa mukapanda kumupatsa ndalama, musalipire, chifukwa akalawa kamodzi sasiya. Sungani mauthenga akewo ngati umboni, muuze munthu wamkulu amene mumamukhulupirira. Ndipo foni ikawonongeka, musaisiye kwa wokonza ili ndi simu khadi, memori khadi ndi nambala yotsegulira. Okonza ambiri ndi anthu okhulupirika, koma simungadziwe amene mwakumana naye lero.

Chiphaso cha unzika nachonso tikuchigwiritsa ntchito ngati pepala lokulungira mandasi. Mu 2017 bungwe la NRB linalembetsa Amalawi oposa 9 miliyoni, ndipo mu 2018 tinalamulidwa kulembetsa simu khadi iliyonse. Kuyambira pamenepo nambala ya foni inamangirizidwa ku dzina la munthu. Mbava zimadziwa zimenezi, n'chifukwa chake zimasaka ziphaso za anthu ena, makamaka agogo akumudzi, kuwanyengerera ndi kandalama kochepa kuti alembetsere simu m'dzina lawo. Simuyo ikabera munthu, apolisi akamatsatira amafikira pakhomo pa gogoyo. Mafumu athu, nenani izi pamaliro ndi pamisonkhano ya m'mudzi: chiphaso sichibwerekedwa, sichijambulidwa ndi mlendo, sichitumizidwa kwa munthu wolonjeza ntchito pa Facebook. Ndiponso netiweki ikazima mwadzidzidzi pafoni panu pomwe anzanu onse ali nayo, musadikire mawa. Mwina wina watengetsa simu yatsopano pa nambala yanu. Thamangirani ku ofesi ya kampani ya foni ndi ku banki tsiku lomwelo.

Sindingaloze chala anthu wamba okha. Kumayambiriro kwa 2024 dziko lino linakhala masabata angapo osasindikiza mapasipoti, ndipo mu February chaka chomwecho Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko analowereredwa ndi akuba a pa kompyuta amene ankafuna dipo. Odwala ofuna chithandizo kunja, ophunzira ndi amalonda anagwira njakata. Izi sizichitikira dziko losauka lokha. Mu May 2017 kachilombo ka pa kompyuta kotchedwa WannaCry kanafalikira m'mayiko oposa 150, ndipo ku Britain zipatala zinabweza odwala chifukwa makompyuta anali atatsekeka. Kanadzera pa bowo la mu Windows limene chigamba chake chinali chitatulutsidwa kale, koma maofesi ambiri anali asanachiike. Kodi m'maofesi mwathu muli makompyuta angati amene sanalandire chigamba kwa zaka? Ndi angati amene pasiwedi yake yalembedwa pakapepala komatidwa patebulo, kapena ndi 1234, ndipo ofesi yonse imagwiritsa ntchito imodzi yomweyo? M'makompyuta amenewo muli mayina athu, matenda athu, malipiro athu ndi zidindo za zala zathu. Mu 2024 tinalandira lamulo loteteza mbiri ya munthu, la Data Protection Act, ndipo MACRA ndiyo inapatsidwa udindo woliyang'anira. Lamuloli lisathere m'kabati. Chipatala, sukulu, banki kapena kampani imene yatayirira mbiri ya anthu iyankhe mlandu, ndipo eni mbiriyo auzidwe msanga kuti adziteteze.

Mkwiyo wa anthu oberedwa ndimaumvetsa, ndipo ndamvapo ena akunena kuti boma lingopatsidwa kiyi wowerengera mauthenga a aliyense kuti ligwire mbava. Ine ndikukana. Loko wokhala ndi kiyi wapadera wosungidwa ku ofesi ndi loko wofooka kwa tonse, chifukwa kiyiyo tsiku lina adzabedwa, adzagulitsidwa, kapena adzagwera m'manja mwa wandale wofuna kudziwa zimene mtolankhani, woweruza kapena wotsutsa akulankhula. Malamulo oyendetsera dziko lino amateteza chinsinsi cha makalata ndi mafoni a munthu. Mbava za pafoni zimasiya mapazi okwanira: nambala imene zaimbira, akaunti imene yalandira ndalama, ejenti amene wazitulutsa. Apolisi ndi makampani a foni atsate mapazi amenewo mwachangu, atseke nambala zimene zadandaulidwa, ndipo woberedwa akabwera kudzanena amulandire ngati munthu wovulala, osamuseka.

Inu amene mwaberedwa kale, musabise chifukwa cha manyazi. Kanenani ku kampani ya foni nthawi yomweyo, ndalama zisanatulutsidwe, kenako kupolisi, mutatenga nambala ndi mauthenga onse.

Inu amene mwawerenga chenjezoli, lero lomwe sinthani PIN yanu ngati ili chaka chanu chobadwa kapena manambala otsatizana. Tsegulani chotchinga chachiwiri pa WhatsApp. Mukatha, tengani foni ya amayi anu, ya agogo anu ndi ya msungichuma wa gulu lanu, mukhale nawo pansi, muwafotokozere m'mawu amene angamve. Abusa ndi mashehe, lengezani izi Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu likubwerali. Aphunzitsi, auzeni ana akanene kunyumba. Musadikire kuti foni ilire kaye.