Konzani Motelo, Koma Musamwere Mowa M'mutu mwa Mulungu wa Eni

Ku America kwabuka fashoni. Munthu wa ndalama zake amagula motelo yakale ya m'mbali mwa msewu, makoma atang'aluka, dziwe losambiramo litadzaza ndere ndi masamba, n'kuitana amisiri. Pakangotha miyezi ingapo, pakhomo pamakhala pataima chipika chotalika kuposa munthu, chosemedwa nkhope yolusa, mano ali pamtunda, maso ali tong'o. Denga la bala alifolera udzu, makoma awakuta nsungwi, nyali azikulunga mu ukonde wa asodzi. Ukaitanitsa mowa amakupatsira m'kapu yadongo youmbidwa nkhope yomwe ija, pamwamba atabayapo kaambulera ka pepala. Chipinda chimene dzulo chinkagona madalaivala a mathiraki pa mtengo wozizira lero chakwera mtengo, ndipo mwini wake akuuza atolankhani kuti iye akusunga mbiri. Zonsezi amazitcha tiki, ati ndi chikhalidwe cha ku Polynesia.

Limeneli ndi bodza, ndiponso bodza lake lachipongwe.

Wina asandinamizire kuti ndikufuna mamotelowa agwe. Ayi ndithu, ngofunika kuwapulumutsa. Yoyamba inatsegulidwa ku San Luis Obispo, ku California, mu 1925, ndipo chaka chotsatira kunakhazikitsidwa msewu wa Route 66 wochokera ku Chicago kupita ku Los Angeles. Mabanja wamba ankamanga mzere wa zipinda m'mbali mwa msewu, galimoto n'kumaimikidwa pakhomo penipeni pa chipinda, chikwangwani cha magetsi a neon chikuthwanima usiku wonse kuitana wapaulendo wotopa. Mu 1956 Pulezidenti Eisenhower anasainira lamulo lomangira misewu ikuluikulu ya Interstate. Magalimoto anasiya kudutsa m'timatauni, makampani aakulu ngati Holiday Inn anakokolola makasitomala, ndipo mu 1985 Route 66 inafufutidwa pa mndandanda wa misewu ya boma. Ku Wildwood, m'mbali mwa nyanja ku New Jersey, mamotelo ambirimbiri anagumulidwa kuti pamangidwe mafulati odula, mpaka mu 2006 bungwe la National Trust for Historic Preservation linaika otsalawo pa mndandanda wa malo amene ali pangozi yotheratu. Munthu amene akuthira ndalama zake kukonza denga lothonya ndi kuyatsanso chikwangwani chozima ndikumuombera m'manja. Mlandu wanga uli pa chipika chija chili pakhomo.

Polynesia imene akugulitsa m'mamotelo amenewa sinabadwire pa chilumba chilichonse. Inabadwira ku Hollywood. Ernest Gantt, mnyamata wa ku Texas amene anayendako m'zilumba, anatsegula kabala kumeneko lamulo loletsa mowa litangochotsedwa mu 1933, n'kudzitcha Don the Beachcomber. Mowa wotchipa nthawi imeneyo unali ramu, ndipo ramu kwawo ndi ku Caribbean, ku Jamaica ndi ku Cuba, kutali zedi ndi Tahiti. Chakudya chinali cha Chitchaina, kaphikidwe ka ku Canton. Osakaniza mowa kuseri, kumene makasitomala sankawaona, ambiri anali Afilipino, mmodzi wa iwo Ray Buhen, amene mu 1961 anadzatsegula bala yakeyake ya Tiki-Ti ku Los Angeles. Victor Bergeron wa ku Oakland ataona kuti pali phindu anasintha dzina la malo ake kukhala Trader Vic's, ndipo ndiye ankadzitama kuti anatulukira chakumwa cha Mai Tai mu 1944. Werengani bwino: mowa wa ku Caribbean, chakudya cha ku China, thukuta la Afilipino, thumba la mzungu. Nanga munthu wa ku Polynesia ali pati? Ali pakhoma, wosemedwa, wosalankhula.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, asilikali amene anamenyera ku Pacific anabwerera kwawo ndi nkhani za zilumba. Mu 1947 Thor Heyerdahl anaoloka nyanja pa chiphaka chake cha Kon-Tiki, ndipo chaka chomwecho James Michener anatulutsa buku la nkhani za ku South Pacific. Mu 1959 Hawaii inasanduka chigawo cha makumi asanu cha America. Apo ndiye msika unalusa. Disneyland inatsegula Enchanted Tiki Room mu 1963, motelo ya Caliente Tropics inatsegulidwa ku Palm Springs mu 1964, pakati pa chipululu, ndipo ku Wildwood, kumene kumagwa chipale chofewa, anadzala mitengo ya kanjedza yapulasitiki. Ziboliboli zambiri zinkasemedwa ku Whittier, pafupi ndi Los Angeles, ku kampani ya Oceanic Arts. Osemasema a nthawi imeneyo ankatsegula mabuku a zithunzi za m'nyumba zosungira zakale, n'kutola mphuno ya ku Rapa Nui, maso a ku Marquesas, lilime la Amaori, mphini za ku New Guinea, komwe si ku Polynesia n'komwe, n'kuphatikiza zonse pa chipika chimodzi. Mitundu ya anthu yotalikirana makilomita zikwizikwi, uliwonse ndi chilankhulo chake ndi mizimu yake, anaiphwanyira m'mtondo umodzi kuti alendo azijambulirapo zithunzi.

Pamene Amerika ankaledzera pansi pa denga laudzu, eni zilumba ankaona zotani? Mu January 1893 amalonda ndi eni minda ya nzimbe, mothandizidwa ndi asilikali a America amene anatsika m'sitima ya USS Boston, anachotsa pampando Mfumukazi ya ku Hawaii, Liliʻuokalani. Mu 1896 kunaikidwa lamulo loti sukulu ziziphunzitsa m'Chingerezi, ndipo ana ankalangidwa akamveka akulankhula chilankhulo cha makolo awo. Mu 1898 America inameza dziko lonselo. Chilumba cha Kahoʻolawe, chopatulika kwa Ahawaii, asilikali apamadzi anachisandutsa poyesera mabomba kuyambira 1941 mpaka 1990. Ku Bikini, m'zilumba za Marshall, America inasamutsa anthu n'kuphulitsa mabomba a nyukiliya kuyambira 1946 mpaka 1958. France nayo inayamba zake ku Moruroa mu 1966, m'Polynesia mwenimweni, ndipo sinaleke mpaka 1996. Zaka zimene mamotelo a tiki ankaphuka ngati bowa ndi zaka zomwezo zimene phulusa la poizoni linkagwera ana a m'zilumba. Boma la America lenilenilo linavomera mu 1993, Bill Clinton atasainira chikalata chopepesa chifukwa chogwetsa ufumu wa Hawaii. Malo sanabweze. Paradaiso wa pa chikwangwani cha motelo ntchito yake inali kuphimba zonsezi, kuti wolanda aziona wolandidwa ngati mtsikana womwetulira wovala maluwa amene akungodikira kumupatsa chakumwa.

Nkhope ya pa kapu ija nayo ili ndi mwini. Kukamwa kotambasuka ndi mano olumana kuja anatengera pa ziboliboli za Kū, mmodzi mwa milungu inayi ikuluikulu ya Ahawaii, pamodzi ndi Kāne, Lono ndi Kanaloa. Zinkaima m'malo opembedzera, kumene munthu wamba sankalowa chilowerelowere. Zambiri zinatenthedwa kuchokera mu 1819, mafumu a ku Hawaii eni ake atathetsa malamulo akale a chipembedzo, ndipo amishonale amene anafika chaka chotsatira sanalire nazo. Mwa ziboliboli zikuluzikulu za Kū zatsala zitatu zokha: china ku Bishop Museum ku Honolulu, china ku British Museum ku London, china ku Peabody Essex Museum ku Salem. Kuti zitatuzi zionekere pamodzi ku Honolulu mu 2010, ziwiri zija anachita kubwereka, n'kuzibweza. Chimwala cha Hoa Hakananaiʻa, chimene amalinyero a ku Britain ananyamula ku Rapa Nui mu 1868, chikadali ku London, ngakhale eni ake anapita okha kukachipempha. Tangoganizani: mdzukulu wa amene anasema Kū ayenera kukwera ndege kuti akaone ntchito ya agogo ake kuseri kwa galasi, pamene mlendo ku motelo akuzimitsira ndudu m'kamwa mwa chithunzi chake.

Ndikudziwa zimene okonda tiki amayankha. Amati ndi masewera chabe, aliyense akudziwa kuti n'zopeka, palibe amene akunyoza wina. Ena amati tiki ndi luso la Chimereka palokha, lokhala ndi mbiri yake, monga Sven Kirsten anaonetsera m'buku lake la mu 2000 limene linadzutsanso fashoniyi. Mfundo yachiwiriyi ili ndi mutu pang'ono. Malo ngati Mai-Kai ku Fort Lauderdale, amene anatsegulidwa mu 1956, anatsekedwa mu 2020 denga litaonongeka, ndipo anatsegulidwanso mu 2024, ndi mboni ya nthawi yake. Magule ake kwa zaka zambiri ankawakonza ndi mayi wobadwira ku Tahiti, Mireille Thornton. Nyumba yoteroyo isungidwe, anthu aone mmene agogo awo ankaganizira. Koma motelo imene chiyambire sinakhalepo ndi nsungwi ngakhale imodzi, lero mukaiveka udzu ndi milungu chifukwa zithunzi zake zikuyenda malonda pa Instagram, mukusunga mbiri yanji? Mukupanga chipongwe chatsopano, chaka chino, maso ali poyera, mutawerenga kale zonse zimene agogo anu akanatha kunamizira kuti sankazidziwa.

Zoti ndi masewera chabe, funsani amene akuseweretsedwayo. Ife a kuno tisachite ngati nkhaniyi ndi yachilendo. Gule Wamkulu ali ndi eni ake, ali ndi dambwe, ali ndi zinsinsi zimene wosalowa saloledwa kuzidziwa, ndipo UNESCO inamuzindikira mu 2005. Tsono wina kutsidya la nyanja aumbe kapu ya nkhope ya Chadzunda, aidzaze kachasu, aveke operekera mowa nthenga ndi nsanza, malowo awatche mudzi wa Achewa, ndipo mukadandaula akuuzeni kuti musapse mtima, iye amakonda chikhalidwe chanu. Mungamuyankhe chiyani? Chikondi chimene sichifunsa mwini wake, chosamulipira, chosafuna n'kumva mawu ake omwe, kwathu timachitcha kudyerana masuku pamutu.

Chondipsetsa mtima kwambiri n'chakuti mbiri yeniyeni ya mamotelowa ilipo, yokwanira kudzaza makoma onse, koma siikoma pa chithunzi. Zaka zimene mabanja a azungu ankasangalala pansi pa kanjedza wapulasitiki, banja la anthu akuda likamayenda ulendo linkanyamula kabuku ka Victor Hugo Green, kamene kanayamba kutuluka mu 1936, kosonyeza malo ochepa amene akanaloledwa kugona osathamangitsidwa. Lamulo loletsa tsankho m'malo ogona alendo linabwera mu 1964, ndipo amene anathamangira kukhoti kukalitsutsa anali mwini motelo, ya Heart of Atlanta. Khoti Lalikulu linamugonjetsa chaka chomwecho. Mamotelo atalowa pansi, azungu ambiri atawathawa, amene anawagula n'kuwasunga amoyo anali mabanja ochokera ku Gujarat ku India, ena a iwo atathamangitsidwa ku Uganda ndi Idi Amin mu 1972. Ankagona kuseri kwa kauntala, mayi akuchapa nsalu zofunda, ana akusesa zipinda asanapite kusukulu. Mwini motelo wofunadi kusunga mbiri apachike zimenezi pamalo olandirira alendo. Koma ayi, iye akufuna mulungu wa mano akuthwa, poti mulungu wamtengo safunsa mafunso.

Palinso anthu ena amene nkhani zokongola za kukonzanso mamotelo siziwatchula. Motelo yakale ya mtengo wotsika ku America kawirikawiri sikhala yopanda anthu. Mumakhala mabanja amene alephera kupeza nyumba ya lendi, olipira pa sabata, mayi wogwira ntchito ziwiri, ana akulembera homuweki pa bedi. Ku California mu 2020 boma linafika pogula mamotelo, pa ndondomeko ya Homekey, kuti mukhale anthu osowa pogona. Wogula motelo kuti aisandutse paradaiso amayamba ndi kutulutsa anthu oterewa, nsungwi zimabwera pambuyo. Ndipo taonani mmene zinthu zazungulirira: kalembera wa 2020 anapeza kuti Ahawaii okhala kumtunda kwa America achuluka kuposa otsala ku Hawaii. Mtengo wa nyumba, umene ntchito yokopa alendo yathandiza kukweza, wawapitikitsa kwawo. Ambiri ali ku Las Vegas, kumene amakutcha chilumba chachisanu ndi chinayi cha Hawaii, ndipo akamapita kuntchito amadutsa pa mabala a tiki.

Choncho a eni mamotelo, konzani. Matani ming'alu, sinthani mapaipi, yatsani neon, denga losongoka lisiyeni momwemo pakuti ndi luso la amisiri a nthawi yake. Ramu gulitsani, ndipo nenani zoona kuti ndi wa ku Jamaica. Maluwa, nsungwi ndi zinanazi zilibe mlandu ndi munthu. Koma Kū muchotseni pa bala. Ngati mukuumirira kuti mumakonda zilumba, osemasema amoyo alipo ku Hawaii, ku Samoa, ku Tonga ndi ku Aotearoa, kwawo kwa Amaori. Apezeni, muwafunse chimene chingaikidwe pakhomo pa malo omwera mowa ndi chimene sichingaikidwepo, muwalipire mtengo umene iwo atchule, dzina la wosema mulilembe pansi pa ntchito yake. Ena adzakukanirani, ndipo akakana, chipika chija mukachizule.