Chuma chikathawa pakati pa tauni

Amene munapitako ku Joni pa basi mukudziwa zomwe zimakulandirani mukatsika pa Park Station: nyumba zitalizitali, zina zakutha, mawindo osweka. Mlendo amadzifunsa kuti kodi chuma timamva chija chili kuti? Chinasamuka. Chili ku Sandton, kumpoto kwa mzindawu.

Kale ku Sandton kunali mafamu ndi nyumba zapatalipatali. Mu 1973 anatsegulako chimsika cha mashopu chotchedwa Sandton City. Pang'ono ndi pang'ono mabanki ndi makampani anayamba kutsatira, pothawa umbanda komanso kusowa kwa malo oimika galimoto pakati pa Johannesburg. Hotela yotchuka ya Carlton, yomwe inali pakati pa tauni, inatsekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mu 2000 msika wa masheya wa JSE nawo unasamukira ku Sandton, ndipo mu 2010 sitima ya Gautrain inalumikiza derali ndi bwalo la ndege la OR Tambo. Lero mlendo wa ndalama akhoza kubwera n'kubwerera osapondamo m'tauni.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kutsidya kwa msewu waukulu wa M1 kuli Alexandra, dera lothithikana la anthu osauka. Ambiri mwa alonda, okolopa ndi ophika a ku Sandton amachokera kumeneko, ena wapansi, kukatumikira m'mashopu omwe iwo sangakwanitse kugulamo.

Ndikunena izi chifukwa kwathu kuno zayambika. Ku Lilongwe, Gateway Mall ili ku Area 47, kutali ndi phokoso la ku Malangalanga, ndipo mashopu atsopano akumera m'mbali mwa misewu yotuluka m'tauni. Sindikudana nazo. Achinyamata apezako ntchito. Nkhawa yanga ndi yoti mabwana akasiya kugula kumsika wakale, ngalande zotsekeka ndi milu ya zinyalala za kumeneko sizidzawapwetekanso mutu. Wovutika adzakhala mayi wogulitsa tomato, yemwe amadula chiphaso cha msika tsiku ndi tsiku.

Tsono makhonsolo athu, musanavomereze pulani ya chimsika china, funsani: siteji ya minibasi ili pati? Woyenda pansi adzawoloka bwanji msewu? Mavenda malo awo ali kuti? Ndipo ndalama zomwe mutolere kumeneko, zina zikakonze msika wakale. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.