Manyowa Si Ntchito Yachabe M'dimba

Pali mawu amene akuyenda m'misika ya ndiwo zamasamba ndi m'magulu a WhatsApp, akuti kupanga manyowa pakhomo n'kudzizunza chabe, poti kachibakera ka feteleza kamachita m'sabata imodzi zimene mulu wa manyowa umachita m'miyezi. Ena akuti manyowa amangoitana udzu ndi chiswe. Nkhani ino ikutsutsa zimenezi.

Poyamba, chilungamo chinenedwe. Feteleza wa Urea ali ndi nayitrojeni 46 peresenti, pamene manyowa okhwima amangokhala ndi 1 kapena 2. Wothira Urea pa mpiru kapena repu amaona masamba akubiriwira msanga. Komatu feteleza amadyetsa mbewu yokha, nthaka saikonza. Dimba lodalira feteleza yekha chaka ndi chaka limauma gwa, madzi a m'kheni amangoyenderera pamwamba n'kuthawira m'ngalande. Bedi lothira manyowa limakhala ndi dothi lakuda, lofumbutuka m'manja, nyongolotsi zili yakaliyakali pansi, ndipo limasunga chinyontho. Mayi wosenza ndowa kuchokera kuchitsime dzuwa la Okutobala likuswa mtengo amadziwa phindu la bedi losafuna kuthirira m'mawa ndi madzulo.

Mtengo nawo sungaiwalike. Feteleza ambiri amachokera kunja, kudzera m'madoko monga Beira ndi Nacala. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 mitengo inakwera, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 thumba linafika posafikirika kwa mabanja ambiri. Mapesi, ndowe, makoko a nthochi ndi phulusa la kukhitchini sizifuna dola.

Nanga udzu ndi chiswe? Izi zimabwera munthu akathira ndowe zaziwisi kapena zinyalala zosawola. Mulu wosanjidwa bwino, mapesi oduladula pansi, masamba aawisi pamwamba pake, kenako ndowe ndi madzi, umatentha mkati mpaka njere zambiri za udzu kufa. Alangizi a zaulimi amaphunzitsa kuzika ndodo pakati pa mulu: ikatuluka yofunda, manyowa akupsa, ikatuluka yozizira ndi youma, muluwo ukufuna madzi ndi kutembenuzidwa. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, fungo la ndowe limatha, kumatsala fungo la dothi lonyowa.

Wofuna zachangu ali ndi manyowa a Mbeya. Amasakaniza gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono, n'kumanga m'thumba la pulasitiki pamthunzi masiku 21. Feteleza wochepa yemweyo amakwanira mabedi ambiri.

Nthawi yoyambira kupanga manyowa ndi pokolola, mu Meyi ndi Juni, mapesi asanatenthedwe m'minda. Banja lowatutira pakhomo n'kuwasanja pafupi ndi khola lidzakhala ndi manyowa othira m'mabedi a tomato ndi anyezi m'chilimwe chomwecho.