Muvi wa Mbawala si wa Gologolo

Alenje ena a ku America, kumene malamulo a madera ambiri amalola kusaka agologolo ndi uta, amatenga muvi wa nsonga yakuthwa ngati lumo, womwe amaphera mbawala, n'kukalasira kanyama kolemera theka la kilogalamu. Ine ndikuti kumeneko n'kulakwa.

Gologolo amakhala m'mwamba. Muvi wakuthwa ukamuphonya umakazika pa nthambi, ndipo mwini wake amabwerera kunyumba chimanjamanja, muvi uli lendelende kumtengo. Ukapanda kuzika umabwerera pansi, ndipo sufunsa kuti pansipo pali yani. Ukamulasa umang'amba kanyama konse, ndiwo n'kutsala zochepa.

Nsonga yosongoka ngati msomali, yophunzirira kulasa, ndiyo yoipitsitsa. Imangoboola n'kudutsa. Gologolo amathawira m'phanga la mtengo ndi bala lake, n'kukafera kumeneko pang'onopang'ono, wopindula palibe.

Ndimavomereza nsonga yobuntha yachitsulo, imene imapha ndi mphamvu ya kugunda ngati chibonga. Ena amatsutsa kuti chikopa cha gologolo n'cholimba, ndipo sakunama: nsonga ya labala pa uta wofooka imangomuvulaza. Koma yankho lake ndi chitsulo, uta wamphamvu, ndi kuyandikira mpaka utha kulunjika kumutu. Nsonga ya Judo, ya kampani ya Zwickey ku Minnesota, ili ndi timawaya tokola udzu, choncho muvi wophonya sulowa pansi pa masamba n'kusowa. Wosatha kuyandikira angomusiya gologoloyo adye mtedza wake.