Musandiyeze ndi mitanda ya nsima

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwangamu, ndakhala chete nthawi yaitali. Lero ndiyankhuleko.

Ambiri mwandiona pa Khombedza pano ndikudikira minibasi pamsewu wa M5, thalauza likukhwepa m'chiuno. Zonong'ona ndikuzimva. Ena akuti ndi kachilombo, ena akuti andilodza. Zoona zake n'zakuti madokotala ku Lilongwe anandichotsa chifu chonse atapezamo khansa, n'kulumikiza kummero ndi matumbo aang'ono. Munthu amakhala ndithu ndi moyo popanda chifu, koma kadyedwe kamasintha.

Panopa ndimadya kasanu ndi kamodzi patsiku, pang'onopang'ono, n'kumatafuna mpaka chakudya chifewe. Dzira, usipa, phala lothira nsinjiro, theka la mtanda wa nsima. Madzi ndimamwa patapita mphindi 30 nditadya. Thobwa lotsekemera kapena Fanta zimathamangira m'matumbo, kenako thukuta, chizungulire, mtima kugunda ngati ng'oma. Ndimabayitsanso jekeseni wa vitamini B12, ndipo sindidzasiya, chifukwa chifu ndicho chimathandiza thupi kuyamwa vitamini ameneyu. Akasowa, magazi amachepa ndipo mitsempha imawonongeka.

Zonsezi ndazizolowera. Chimene chikundivuta ndi anthufe. Kwathu kuno wosiya nsima m'mbale timamuyesa wonyada kapena wokayikira wophika. Pamaliro ena posachedwa mayi wina anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, mwaona chiyani m'ndiwomu?" Chifukwa cha manyazi ndinadzikakamiza kumaliza, ndipo ndinaswera chigonere kuseri kwa nyumba. Ulemu umene ukugonetsa mlendo pansi tiuganizirenso. Mlendo akati wakhuta, timukhulupirire.

Kwa inu akuluakulu a masukulu, mphunzitsi wotere safuna kumveredwa chisoni. Musamupatse mapiriyodi anayi otsatizana, mupatseni mpata woti adye kena kake, ndipo tsiku la jekeseni musamuwerengere ngati wajomba. Choko ndikugwirabe, Folomu 4 ndikuikonzekeretsabe mayeso a MSCE.

Ana anga, bambo kapena mayi akamakhuta msanga, akamaonda popanda chifukwa, akamasanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda bii, musamangowagulira mankhwala pagolosale. Ine ndinatero miyezi yambiri ndikuti ndi zilonda za m'mimba chabe. Apititseni kuchipatala akapimidwe.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tikakumana pamsika mundipatse moni, ndipo ngati muli ndi funso mundifunse ineyo.